Nkhope ya ba Estina Isanaume

Nditatsika basi pa Chinyunyu ndi kulowa kanjira ka kwathu, chinthu choyamba kuchiona chinali sofa ya amayi aakulu. Inali pansi pa mtengo wa mango, ndipo panakhala amuna amene sindinawadziwe. Tebulo lodyera linali pambali pake, miyendo m'mwamba.

Kwathu pakagwa maliro nyumba imakhuthulidwa. Mipando, kabati, tebulo, zonse zimatulutsidwa kuti amayi apeze pokhala ndi polirira. Ndinakulira mwambo umenewu ndipo sindinauonepo cholakwika. Koma tsiku limenelo, nditaima pakhomo chikwama chili m'manja, ndinaona makoma a pabalaza atatsala ndi misomali yokhayokha.

Malemu anali ba Estina, akulu awo a amayi anga. Ndiwo anandilera amayi atamwalira. Amuna awo anali ba Ikemizu, Mjapani wojambula zithunzi ndi penti wa mafuta. Anthu a m'mbali mwa msewu anakhala akuwatcha ba Chaina kwa zaka zoposa makumi atatu, ndipo iwo anasiya kalekale kuwongolera.

Ndinalowa ndikulira, monga zimafunikira. Amayi a mpingo anandilandira, kundikhazika pa mphasa, ndipo tinalira limodzi mpaka mawu anatha. Kenaka anandilola kukaona wofedwa.

Anawaika m'chipinda chogona, pa matiresi apansi, atawafunditsa bulangete ngakhale unali mwezi wa Sepitembala. Mwamuna wofedwa sayendayenda, sagwira ntchito, sakweza mawu, mpaka maliro ataikidwa ndi katundu wa malemu atagawidwa. Pafupi naye pamayenera kukhala m'bale wake womuyang'anira. Iwo m'bale analibe kuno, choncho anawabwereka nkhalamba ina ya mumpingo, imene inali kuwodzera pa mpando pafupi ndi chitseko.

"Neri," anatero motsitsa. Dzina langa la Nelly silinawakhalepo bwino pa lilime. "Wafika."

"Ndafika, atate."

"Chithunzi achichotsa. Penti sanaume."

Za imfa sananenepo kanthu. Ndinadziwa chithunzi chimene ankanena, ndipo ndinadziwanso kuti kwa iwo nkhani ziwirizi zinali imodzi.

Mbiri yawo ndinaimva kwa amayi aakulu, amene ankaifotokoza mwachidule ndi mosanyengerera. Anabadwira m'tauni ya asodzi kumpoto kwa Japan, kumene atate awo ankasoka maukonde. Anapita ku Tokyo kukaphunzira kujambula, koma osati m'njira ya makolo awo, ya inki ndi pepala lopyapyala. Anasankha njira ya Azungu, ya penti wokhuthala wopakidwa pa nsalu yolimba yokokedwa pa timatabwa. Atamaliza anapita ku France. Ogula zithunzi kumeneko anayang'ana ntchito yawo, kuyang'ananso nkhope yawo, n'kufunsa ngati analibe za mbalame za miyendo italiitali ndi phiri loyera pamwamba. Atabwerera kwawo anachita chionetsero, ndipo wina analemba m'nyuzipepala kuti mnyamatayu amajambula bwino kwambiri, ngati Mfalansa amene anafa kalekale. Pambuyo pake anabwera ku Zambia kudzaphunzitsa aphunzitsi a m'sukulu kujambula. Ku Lusaka ogula anafuna njovu, ndi dzuwa likulowa kumbuyo kwa njovuyo.

"Maiko atatu, palibe inafuna zimene ajambula," amayi aakulu ankatero. "Ine ninangoti bwerani mudye."

Pa Chinyunyu anaimapo chifukwa cha madzi otentha. Kwawo anthu amakonda kusamba m'akasupe otere, ndiye ataona nthunzi ikufuka m'mbali mwa msewu anaimitsa galimoto. Mtsikana wogulitsa nthochi anawaona akuvula nsapato mwaulemu patsogolo pa kasupe, anaseka, n'kuwauza kuti pamene akufuna kupondapo anthu amaphikapo mazira. Chinyanja chawo chinali cha m'buku ndi cha m'Baibulo, ndipo anamuthokoza ngati munthu wowerenga nkhani pa wailesi. Mtsikanayo anasekanso. Anakwatirana, anamanga nyumba pamudzi wa mkazi, ana sanabereke. Mkazi ankalima chimanga ndi tomato n'kumagulitsa pa msewu. Mwamuna ankajambula. Nthawi zina ankalemba maina pa makoma a magolosale, ndipo nkhuku ya pa khoma la malo odyera pa siteshoni ndi yawo, ngakhale sankafuna kuti zidziwike.

Anali ndi lamulo limodzi pa ntchito yawo. Ankajambula munthu ali pomwepo, maso ndi maso. Chithunzi cha kamera kapena cha pa foni sankachifuna n'komwe. Vuto linali lakuti munthu amene ankafunitsitsa kumujambula sankakhala pansi.

"Nikhale chabe? Tomato azazithirira yekha?" amayi aakulu ankayankha choncho, ali kale pakhomo.

Choncho nyumba inadzaza ndi misana yawo. Msana pa chitsime, msana m'dimba, msana pa msewu akuimitsa basi ndi beseni la tomato. Nkhope ankaiyesa chaka ndi chaka, akawagwira atakhala kamphindi, koma madzulo ankatenga kampeni n'kuipala yonse. Abale ankati mlamu wawo amadziwa kujambula chilichonse kupatula kumaso.

Matenda ndiwo anawakhazika pansi amayi aakulu. Madokotala ku Lusaka atanena kuti abwerere kunyumba akapume, ba Ikemizu anaika mpando pa zenera la pabalaza.

"Manje mwanipeza," anatero amayi aakulu. "Jambulani. Sinithawa."

Chithunzicho ndinachiona kamodzi, nditabwera kudzawazonda kumayambiriro kwa mwezi. Mayi wowonda, mpango wobiriwira kumutu, manja ali pa maondo. Diso la kumanzere lotsinzinira pang'ono. Pakamwa ngati akufuna kufunsa amene wasiya sopo m'madzi. Penti pa masaya ndi pamphumi anali wokhuthala ngati matope omatira nyumba, koma ukabwerera m'mbuyo pang'ono matopewo ankasanduka khungu. Anali iwo. Ndinatulutsa foni, ba Ikemizu n'kukweza dzanja.

"Chiume kaye. Penti wotere amauma miyezi."

Maso awo anali atayamba kuchita ng'ala, ndipo ankajambula mphuno itatsala pang'ono kukhudza nsalu. Anandiuza tsiku lomwelo kuti pa zonse zimene anajambula m'maiko atatu, ichi chokha ndicho sankafuna kuchipala.

Ndinatuluka m'chipinda cha wofedwa kukafunsa. Anandilozera kwa ba Marjory, mtsogoleri wa amayi a mpingo ndiponso mnzawo wa malemu kuyambira utsikana. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akuduladula kabichi.

"Chija cha pa zenera? Osada nkhawa, mwana wanga, ninachisunga ine," anatero ba Marjory. "Anyamata anafuna kuchiika pa mulu na makabati. Ninati ayi, uyu ni Estina."

"Munachisunga bwanji, amayi?"

"Ninachimanga mu chitenge chake, chija cha masamba. Fumbi ya mwezi uno uidziwa. Komanso maso aja, mwandi. Ife tilira, iye atiyang'ana monga tinabwereka poto osabweza."

Amayi ena anaseka, kenaka m'modzi anayamba kulira.

"Munamanga mothina?"

"Monga mwana kumsana. Na chingwe pamwamba."

Anachigoneka m'chipinda chosungiramo chimanga, n'kusanjikapo zithunzi zina zonse kuti chisagwe. Chipindacho anachikiya, chifukwa munaikidwanso masutikesi, makina osokera ndi ziwiya za malemu. Makiyi anali ndi amalume, ba Mordecai.

Ndinabwerera kwa ba Ikemizu n'kuwafotokozera.

"Pamwamba pa penti pali kakhungu," anatero. "Pansi pake ndi pofewa. Ngati nsaluyo ichotsedwa lero, pang'onopang'ono, molunjika m'mwamba, zambiri zitsala. Koma chipinda chija ndi cha malata. Kukamatentha mafuta amalowa mu ulusi. Pakapita masiku, nsalu ndi nkhope zidzakhala chinthu chimodzi."

Anayamba kudzuka. Nkhalamba ya pakhomo inatsegula diso.

"Gonani, ba Chaina. Anthu azakamba kuti simunamve chisoni."

Anagonanso, n'kudzifunditsa okha bulangete lija.

Amalume ndinawapeza pa tenti ya amuna, makiyi akulendewera pa lamba. Ndi mlongo wawo wa malemu, ndipo anagwira ntchito ku maofesi a boma ku Rufunsa mpaka kupuma. Ndinagwada chapatali, iwo n'kundikodola.

"Amalume, nipempha makiyi a chipinda cha chimanga. Sinizachedwa."

"Muli katundu wa malemu."

"Nidziwa. Koma muli chithunzi chimene penti wake sanaume. Achimanga mu chitenge. Chikakhala choncho chiwonongeka."

"Chithunzi sichiola, Nelly. Si nyama."

Ndinafotokoza za kakhungu, za mafuta ndi za malata. Anamvetsera mpaka kumapeto, monga munthu amene anazolowera kumva madandaulo pa ofesi.

"Iwe unapita kusukulu, uzamva," anatero amalume. "Abale athu a ku Shikabeta sanafike. Atate aang'ono na ana awo. Akamva kuti chitseko chinatsegulidwa iwo kulibe, wotsegula ni mwana wa m'nyumba, womutuma ni mwamuna wa malemu, uganiza azakamba chani? Azati mlendo wabisa katundu. Ine niteteza mlamu wanga. Alibe mwana, alibe m'bale. Chimene ali nacho pano ni dzina yabwino chabe."

Choipa chinali chakuti sanali kunama.

"Mukaimepo inu mwini, amalume. Tiitane na abusa aone."

"Abusa ni a ku Shikabeta?"

Amuna a pa sofa anaseka. M'modzi, amene ndinamva kuti anali mnzawo wa amalume wa kumsika wa makala, anawonjezera kuti munthu amene wajambula msana zaka zonsezi angathe kudikira pang'ono, nkhope siithawa.

A ku Shikabeta anachedwa. Lole imene anakwera inathyoka m'njira, ndipo kumene inathyokera foni sinkagwira. Mtembo unadikira ku mochale, olira anadikira pabalaza, kabichi anatha n'kugulanso wina. Dzuwa linkatuluka lofiira chifukwa cha utsi wa tchire, pofika masana malata ankalira okha ndi kutentha. Ndinkapita kukaima pa chitseko cha chipinda chija. M'ming'alu munkatuluka fungo la chimanga ndi la mafuta a penti, ndipo tsiku lililonse fungo la mafuta linkakula. Loko anali wamng'ono, wa pa golosale. Nkhwangwa inali pa mulu wa nkhuni, poonekera.

"Ndingathe kuthyola loko uja," ndinawauza ba Ikemizu masana ena, nkhalamba itapita kukadya. "Adzati ndi ine. Inu simudzatchulidwa."

"Adzadziwa amene wakutuma."

"Adziwe."

Anatembenuza mutu kuyang'ana kudenga. Ndevu zoyera zinali zitayamba kumera pa chibwano, ndipo ndinazindikira kuti sindinawaonepo osameta.

"Pano ndi pamudzi wa mkazi wanga," anatero. "Anthu awa anandipatsa malo osandifunsa kuti ndimagulitsa zingati. Ku Tokyo sanatero. Maliro ake asakhale ndi mlandu chifukwa cha ine. Usathyole."

Sindinathyole.

A ku Shikabeta atafika tinaika maliro. Za kumanda sindikumbukira zambiri, koma fumbi, ndi ba Ikemizu atagwiridwa mikono uku ndi uku ngati angathawe. Anaponya dothi lawo, anawerama kwambiri monga amachitira kwawo, ndipo anakhala chowerama mpaka amalume anawagwira phewa.

M'mawa mwake linali tsiku logawa katundu. Wofedwa anamusambitsa ndi kumumeta, ndipo tsopano analoledwa kutuluka. Abale onse anakhala pabwalo, amuna pa mipando, amayi pa mphasa. Amalume anaonetsa loko kwa atate awo aang'ono, mkulu wa a ku Shikabeta, kuti aone kuti ndi wosakhudzidwa, kenaka anatsegula. Anyamata anatulutsa masutikesi ndi makina osokera. Anatulutsanso zithunzi n'kuzitsamiritsa ku khoma la nyumba, misana ya amayi aakulu itandandalikana ngati anthu amene atikwiyira. Chomaliza chinali mtolo wa chitenge cha masamba.

Ba Ikemizu anagwada pa dothi n'kumasula chingwe. Anafunyulula m'mbali monse. Pakati nsaluyo inakana. Anaigwira ndi zala za manja onse awiri, n'kuyamba kukweza pang'onopang'ono, ndipo pabwalo ponse panamveka kaphokoso ngati ka bandeji pochoka pa chilonda.

Zenera linalipo. Mpando unalipo, ndi manja ali pa maondo, mitsempha yonse ikuoneka. Mpango wobiriwira unatsala theka. Pamene panali nkhope panali chigamba cha mtundu wa dothi, chodindika timizere ta ulusi, ndipo m'malo ena munkaoneka nsalu yoyera ya pansi. Anatembenuza chitenge chija n'kuchiyang'anitsa padzuwa. Panalibe diso kapena mlomo, koma mabanga okhaokha pakati pa masamba.

Ba Marjory anagwira pakamwa, kenaka analira kulira kosiyana ndi kwa masiku onse aja. Ba Ikemizu anaimirira, kupita pamene anakhala ba Marjory, n'kuwaweramira.

"Munachisunga ndi chikondi, amayi. Zikomo."

Zimenezi zinangowaliritsa kwambiri.

Mkulu wa a ku Shikabeta anafunsa kuti chachitika n'chiyani, ndipo wina anamufotokozera mokweza, chifukwa makutu anali atayamba kutha.

"Aa! Chinthu chonyowa mukanatsegula chabe," anatero mkuluyo. "Ife tikanakana?"

Amalume anayang'ana makiyi m'manja mwawo kwa nthawi yaitali, kenaka anawaika m'thumba.

Kugawa kunayenda bwino, popanda mkangano, ndipo onse anayamikira zimenezi. Zovala zinapita kwa amayi. Makina osokera anapita ku Shikabeta. Aliyense anapempha chithunzi chimodzi chokumbukira malemu, ndipo ba Ikemizu ankangogwedeza mutu. Misana inachoka umodzi umodzi. Chopanda nkhope palibe anachipempha, ndiye anagwirizana kuti chikhale cha alamu.

Chinatsala ndi dzina. Kwathu dzina la munthu wamkulu silisiyidwa kumanda, amalipatsa wachibale wamoyo. Akulu anapita pambali, anakambirana, pobwera anandiitana ine. Anandikhazika pa mphasa yatsopano, anandipaka ufa pamphumi, n'kundimanga mkanda woyera pa dzanja.

"Kuyambira lero ndiwe Estina," anatero mkulu uja. "Ni dzina chabe. Zolowa m'nyumba monga mkazi wa wofedwa zinatha kale, mpingo unakana."

Amayi analuluta mosakweza. Apa ndi pamene amalume, amene sanalankhulepo chitsegulire chitseko, anaimirira nkhope itawala.

"Alamu, manje vuto yatha," anatero. "Estina si uyu? Onani mphumi, onani khosi. Mukhazikeni pa mpando uja mubwezepo nkhope."

Sanali kuseka. Kwa iwo, ndi kwa onse a pabwalo paja, zimene zinali zitangochitika pa mphasa sizinali sewero. Estina anali atabwerera m'banja, ndipo zinali zachidziwikire kuti abwerere ndi m'chithunzi momwe. Ba Marjory anayenda ndi maondo mpaka pamapazi a ba Ikemizu.

"Chitani choncho, atate, napapata, nagwira mwendo. Apo ayi ine sinizagonanso tulo."

Ba Ikemizu anati aganiza. Kwa iwo mawu amenewa ankatanthauza kukana, koma pamudzi anamveka ngati kuvomera.

Anthu atabalalika ndinatsala kuti ndiwathandize kubwezera katundu m'nyumba. Ku Lusaka kunalibe chondithamangitsa, digiri yanga inali m'sutikesi ikudikira ntchito limodzi nane. Sofa inabwerera pamalo pake, yothimbirira ndi utsi. Chithunzi chija anachiimika pa zenera. Anapala chigamba chonse ndi kampeni mpaka posalala, n'kusakaniza penti watsopano.

"Ndikatseka maso ali pomwepo," anandiuza. "Diso lake lija, pakamwa pake. Zonse ndikuziona. Sindinajambulepo za m'mutu, koma ndiyesa."

M'mawa uliwonse ankaima patsogolo pa nsalu, bulashi ili m'manja. Ankatseka maso, kuwatsegula, kuyandikiza bulashi, n'kuibweza. Penti ankachita kakhungu pa thabwa losakanizira asanamugwiritse ntchito. Ba Marjory ankabwera ndi ndiwo m'kambale, kusuzumira pa zenera, n'kubwerera mapewa atagwa. Amalume ankatumiza uthenga wofunsa ngati ntchito yayamba.

"Dzanja silikhulupirira za m'mutu," anatero ba Ikemizu pomaliza. "Lakalamba likudikira munthu pa mpando. Khala, Neri. Sindijambula iwe. Ndingoona pamene kuwala kumagwera pa fupa la tsaya."

Ndinakhala. Ba Marjory atamva anabwera mothamanga ndi mpango wobiriwira uja, umene unawagwera iwo pogawa, n'kundimanga okha, mfundo kumbuyo monga ankamangira mnzawo.

Kukhala chete ndi ntchito, ndipo ndinamvetsa chifukwa chake amayi aakulu ankasankha tomato. Msana unkawawa. Ntchentche inkatera pamphuno. Ba Ikemizu ankabwera pafupi kwambiri chifukwa cha ng'ala ija, mpweya wawo ukundifika pa tsaya, kundiyang'ana nthawi yaitali osaphethira, kenaka kubwerera ku nsalu.

"Usamwetulire."

"Sindikumwetulira, atate."

"Ndiye usakwiye."

Poyamba ankatseka maso kawirikawiri pakati pa kundiyang'ana ndi kupaka. Patapita masiku anayamba kutseka mwa apo ndi apo. Dzanja linayamba kufulumira, ndipo tsiku lina ndinawamva akung'ung'udza kanyimbo ka kwawo. Ine sankandilola kuona. Panja ana a anansi ankandipatsa moni atagwada, akunditcha ambuya, ndipo amayi ogulitsa pa msewu ankandifunsa kuti, ba Estina, chaka chino tibzala liti.

Atanena kuti chatha, ba Marjory anaitana anthu. Anabwera amalume, amayi a mpingo, ndi ena amene anangomva kuti kuli choona. Amalume anatambasula manja kutsogolo kwa chithunzi ngati wapolisi wa pamsewu.

"Osakhudza! Penti sanaume. Ichi chitenga miyezi."

"Ni yemweyo!" anafuula ba Marjory. "Mayo, Estina! Ni yemweyo!"

Analira, anaseka, anagwira ba Ikemizu manja onse awiri. Ena anavomereza kuti ndi yemweyo, kuti mwina wawoneka bwino kuposa poyamba, ngati matenda sanamukhudze. Amalume anawomba mlamu wawo pamsana n'kunena kuti ankadziwa kuti zitheka.

Ine ndinadikira kuti apatuke. Ntchitoyo inali yabwino, sindingabise. Kuwala kunagwera pa tsaya monga momwe kumagwera pa zenera limenelo m'mawa. Masaya anali odzaza. Maso onse awiri anali otseguka mofanana. Inali nkhope imene ndimaiona pa galasi tsiku lililonse, itakhala pamwamba pa manja a mayi amene anagwira khasu moyo wake wonse.

Anthu atapita ba Ikemizu anakhala pa sofa. Mabulashi anawasiya pa tebulo osatsuka, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita.

"Atate, si iwo," ndinatero.

"Si iye."

"Palani. Muyesenso popanda ine pa mpando. Nthawi ilipo."

Anatseka maso. Ndinaima pomwepo ndikumva malole akudutsa pa msewu waukulu. Anawatseka nthawi yaitali, nsidze zikunjenjemera ngati za munthu amene akunyamula cholemera, kenaka anawatsegula.

"Ndakhala ndikuyesa kuyambira dzulo," anatero. "Zenera ndikuliona. Mpando ndikuuona. Koma wakhalapo ndi iwe."

Ndinamasula mpango uja n'kuupinda.

"Wandisamala bwino, Neri," anapitiriza m'Chinyanja chawo choongoka. "Palibe cholakwa chako. Koma ndikupempha ubwerere ku Lusaka, ndipo usafulumire kubwera. Mwina ndikakhala osakuona, Estina adzabwerera m'maganizo mwanga."

"Nanga akapanda kubwerera?"

"Ndidzadziwa."

Ananena zimenezi akuyang'ana pansi. Madzulo ndinawaphikira, m'mawa ndinawachapira ndi kuwatungira madzi, ndipo pa chilichonse anathokoza mwaulemu. Koma mpaka ndinatsanzika, sanandiyang'anenso kumaso.